Nthondo akanafika ku Zinniaville

Mu 1934 buku la Samuel Josiah Ntara litatuluka m'Chingerezi, dzina la mwini nkhani linali litachoka pachikuto. Ntara analitcha bukulo *Nthondo*, dzina la munthu mmodzi wa m'mudzi umodzi, wokhala ndi mayi ake ndi abale ake. Womasulira, T. Cullen Young, mmishonale wa ku Scotland amene anagwira ntchito zaka zambiri kumpoto kwa Nyasaland, analitcha *Man of Africa*, kutanthauza munthu wa mu Africa. Ife a ntchito yomasulira tikudziwa mmene zotere zimachitikira. Wowerenga wa ku London sakanatola buku la dzina lomuluma lilime, ndiye anamupatsa Africa yense pachikuto, n'kuikapo mawu oyamba a Julian Huxley. Bukulo linayenda ndithu. Koma Nthondo anasiya kukhala mwana wa munthu, anasanduka chitsanzo cha mtundu.

Ndalitenganso bukuli chifukwa cha ana amene Ntara sakanawalota n'komwe: ana a Amalawi amene akubadwira ndi kukulira ku Rustenburg, m'chigawo cha North West ku South Africa, kumene nthaka yake amakumbamo pulatinamu. Kholo la kumeneko likafuna kuti mwana adziwe kumene magazi ake achokera, limayang'ana uku ndi uku kufuna chogwirira. Sukulu imalipatsa pepala, kwathu kumalipatsa mabuku akale a Chichewa ngati awa a Ntara. Zonse ziwiri zili ndi chilema chofanana ndi cha chikuto cha 1934 chija, ndipo ndi Ntara yekha amene ali ndi mankhwala a chilemacho, ngakhale kuti mankhwalawo sali pamene ambiri timawafuna.

Zinniaville ndi dera la mu Rustenburg limene boma la tsankho linapatulira anthu ochokera ku India, potsatira lamulo la Group Areas Act la 1950. Lamulo lomwelo linaika anthu a mtundu uwu apa, a mtundu uwo apo, ndipo anthu akuda ambiri anakhala ku Tlhabane ndi m'midzi yozungulira. Lamulolo linafa, koma mizikiti, masitolo ndi mabanja a amwenye zilipobe. Amalawi a masiku ano amafika m'madera otere paokha, popanda bungwe lowalemba ntchito, ndipo mumawapeza m'masitolo, pamakina osokera, m'nyumba za anthu, m'magalaja ndi pa ntchito zomanga. Mwana wawo amadzuka ndi Chichewa kapena Chiyao, amasewera m'Chitswana, amalemba mayeso m'Chingerezi, ndipo ngati ndi Msilamu madzulo amakaphunzira zilembo za Chiarabu kumadrasa. Mwana wotere si wosauka pa zilankhulo. Chimene akusowa ndi nkhani yomuuza chifukwa chake iye ali pamenepo.

Maphunziro a ku South Africa sanaiwale nkhaniyi. Mu Giredi 4, phunziro la mbiri limayamba ndi mbiri ya m'dera la mwanayo, ndipo amamuphunzitsa kuti zakale zimapezeka m'zithunzi, m'zolembedwa, m'zinthu zosungidwa ndi pofunsa anthu. Ndi chiyambi chabwino, ndipo sindikuchinyoza. Vuto limabwera ndi pepala lija aphunzitsi ambiri amakonda kupereka m'makalasi aang'ono, lojambulidwa mtengo: mwana pansi, bambo ndi mayi pamwamba pake, agogo anayi kunsonga. Mabokosi asanu ndi awiri, basi. Mtengowo ndi wokongola, koma unamera ku Ulaya, kumene funso lalikulu linali lakuti dzina ndi chuma zitsikira kwa yani.

Taonani amene alibe bokosi. Amalume alibe. Komatu kwa Mchewa, Myao, Mlomwe kapena Mmang'anja, amalume ndiwo mwini mbumba, ndiwo nkhoswe, ndiwo amene amaimbiridwa foni ukwati ukagwedezeka kapena maliro akagwa. Munda umene mwanayo angadzalimepo akadzabwerera uli kwa amayi ake, ndipo ufumu wa m'mudzimo, ngati ulipo, umadutsa mwa mlongo wa mfumu kupita kwa mphwake. Achewa sanena za mtengo, amanena za bere: bere lalikulu, bere laling'ono, kutengera gogo wamkazi amene anayamwitsa mzerewo. Pepala la kusukulu limaika agogo aamuna a kuchimuna pamalo aulemu, munthu amene m'midzi yambiri ya chikamwini anali mlendo wodzakwatira. Mwana wa ku Mzimba, kumene ana amatsata kwa bambo, mtengowo umamukwana pang'ono, koma nayenso alibe poika abambo aakulu ndi aang'ono amene sawatchula ndi dzina lina koma loti bambo.

Monga womasulira, chimene chimandiwawa kwambiri ndi mawu awiri a Chingerezi, *uncle* ndi *cousin*. Liwu loyambalo limameza amalume pamodzi ndi abambo aang'ono ngati kuti ndi munthu mmodzi. Lachiwirilo limasakaniza msuweni, amene umaseka naye mwachipongwe ndipo kale ukanatha kukwatirana naye, ndi mwana wa amayi aang'ono, amene ndi mlongo wako weniweni. Chodabwitsa n'chakuti pa zilankhulo zonse zimene mwana wa ku Zinniaville amamva tsiku ndi tsiku, ndi Chingerezi ndi Chiafrikaans zokha zimene zili ndi umphawi umenewu. Mnzake wa Chitswana ali ndi *malome*, *rangwane*, *rakgadi* ndi *mmangwane*. Wa Chixhosa, amene bambo ake anabwera kudzagwira ntchito kumgodi, ali ndi *malume*. Mwana wa mwini sitolo, wa m'banja la Chigujarati, amasiyanitsa *mama*, mlongo wa amayi ake, ndi *kaka*, m'bale wa bambo ake. M'kalasi lonse ana akudziwa kale kusiyana kumeneku, ndi pepala lokha limene silikudziwa.

Apa m'pamene kholo limatembenukira kwa Ntara, ndipo silinalakwitse. *Nthondo* linalembedwa pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, linapata mphotho, ndipo linasindikizidwa m'Chinyanja mu 1933. Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Chimene anachita n'chachikulu kuposa mmene mabuku a sukulu amanenera. Anatenga munthu wamba, wopanda nkhondo imene anapambana, n'kunena kuti moyo wake, kuyambira kubadwa mpaka kumanda, ukukwana buku lathunthu. Nthondo wa paubwana si mwana wabwino. Ndi wakuba, wovuta, wochititsa manyazi abale ake. Amapita kummwera kukafuna ntchito, amabwerera, amakhala mfumu ya mudzi, amatembenuka mtima n'kukhala Mkhristu, kenako amamwalira. Pozungulira iye pali mudzi wonse ukugwira ntchito yake: azamba, ankhoswe, milandu ya pabwalo, asing'anga, maliro. Palibe pamene munthuyu amaoneka yekha. Chilichonse chimene wachita chimagwera pamutu pa wina, ndipo chilichonse chomugwera chimakambidwa ndi anthu ena.

Mwana akawerenga zimenezi, kapena akawerengeredwa, amaphunzira chinthu chimene mabokosi asanu ndi awiri aja sangamuphunzitse: kuti mbiri ya munthu ndi mbiri ya amene anamunyamula, amene anamulipirira mlandu ndi amene anamuika m'manda. Amaphunziranso kuti agogo ake saayenera kukhala oyera mtima kuti akhale oyenera kukumbukiridwa. Mfundo iyi ndi yofunika, chifukwa makolo ambiri amasefa nkhani za m'banja mpaka kutsala madeya okhaokha a ulemu. Ana sakonda anthu opanda chilema. Gogo amene anaba nkhuku ali mnyamata amakhala m'mutu mwa mdzukulu nthawi yaitali kuposa gogo amene anangokhala wolimbikira ntchito ndi woopa Mulungu.

Koma bukuli lili ndi malire, ndipo kwa mwana wa ku Rustenburg malirewo ali pamalo owawa. Choyamba, nkhani yonse inapindidwa kuti iloze kuguwa. Moyo wa Nthondo ukuyenda ngati ulaliki wa mishoni: mdima, kusochera, kenako kuwala. Mwana wa Chisilamu wa ku Mangochi kapena Machinga, amene makolo ake anasankha Zinniaville chifukwa mzikiti uli pafupi, sadzapeza agogo ake m'njira imeneyo. (Pali kachinthu koseketsa apa: amishonale a ku Nkhoma anachokera ku Dutch Reformed Church ya ku South Africa komweko, mpingo umene mmodzi wa akuluakulu ake a zamaphunziro, Willie Jonker, anaima pa msonkhano wa mipingo ku Rustenburg mu Novembala 1990 n'kuvomereza tchimo la tsankho, Desmond Tutu akumva. Buku la Ntara likafika ku Rustenburg limakhala ngati lafika kwa achibale ake a kuchimuna.)

Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu: Nthondo amabwerera. Ulendo wa kummwera ndi chigawo chabe cha moyo wake, malo oyesedwa, ndipo moyo weniweni umamudikira kumudzi. Umu ndi mmene mudzi unkafunira kuti nkhani ithere, ndi mmenenso mishoni inkafunira. Amene sanabwerere tinawapatsa dzina lawolawo, matchona, ndipo liwulo silinakhalepo lotamanda. M'nyimbo za pamtondo mtchona amaoneka kuchokera kumbali ya mkazi wosiyidwa ndi ana osowa chovala. Ndi zoona zimenezo, ndipo amayiwo sananame. Koma mwana wobadwira ku Zinniaville ndi mwana wa mbali inayo. Iye ndi chipatso cha kutchonako. Mukamupatsa mabuku amene amati munthu wabwino ndi amene anabwerera, mwamuuza mwakachetechete kuti bambo ake ndi nkhani yosatha bwino.

Buku lina la Ntara, *Mbiri ya Achewa*, limene linatuluka koyamba m'zaka za m'ma 1940, limalephera mwanjira ina. Ndi buku lamtengo wapatali, ndipo Ntara anayenda kufunsa akuluakulu kuti alilembe. Koma ndi mbiri ya mafumu ndi maulendo a mtundu wonse: Kalonga, Undi, Aphiri ndi Abanda, Msinja ndi Makewana. Chimodzimodzi buku la Yohanna Abdallah la 1919 lonena za Ayao. Mabuku awa amapatsa mwana mtundu, samupatsa banja. Ndipo mtundu ndiwo chinthu chosavuta kuvala. Pa 24 Seputembala, tsiku lokumbukira chikhalidwe ku South Africa, mwana angavale chitenje, anyamule nsima ndi usipa m'kontena, anene kuti ndi Mchewa, aphunzitsi aombe m'manja. Madzulo ake mutamufunsa dzina la mayi wa agogo ake aakazi, amangoti kukamwa yasa. Wabwerera pachikuto cha Cullen Young chija, wasanduka munthu wa mu Africa.

Nkhani imene mwanayu akuifuna ilipo, kungoti sinalembedwe mokwanira m'Chichewa. Njira ya kummwera imene makolo ake anadzera si yatsopano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, ambiri atalembedwa ndi Wenela, makamaka m'migodi ya golide. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo anafa. Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito, ndipo amuna zikwizikwi anabwerera kumudzi. Mu 1977 njira inatsekukanso, bungwe lija litatenga dzina loti TEBA, limene kwathu timati Theba. Mu 1988 inatsekekanso pa mkangano wa kuyeza magazi kufuna kachilombo ka HIV, nkhani imene katswiri wa mbiri Wiseman Chijere Chirwa anaifufuza bwino, ndipo anthu pafupifupi 13,000 anataya ntchito. Pambali pa a Wenela panali a selufu, oyenda paokha, ena wapansi, kudzera ku Tete ndi ku Halale. M'mabanja ambiri a ku Dedza, Ntcheu, Mzimba ndi Mangochi muli munthu amene anayenda njira imodzi mwa izi. Bambo wa ku Zinniaville amene akuganiza kuti iye ndiye woyamba kufika ku Joni, akafunsa bwino angapeze kuti ndi wachitatu.

Mtchona mmodzi wa nthawi ya Ntara anasiya buku lodziwika la moyo wake. Clements Kadalie, Mtonga wobadwira kufupi ndi Bandawe, wophunzira ku Livingstonia, anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919 ndipo anamwalirira ku East London mu 1951. Buku lake, *My Life and the ICU*, linatuluka mu 1970 iye atapita kale. Ndi la Chingerezi, ndipo mtima wake uli pa misonkhano ndi mikangano ya bungwe kuposa pa khomo la kwawo. Komabe dzina lake linatsala m'dzikomo, ndipo mdzukulu wake Rhoda Kadalie anadziwika pa nkhani za ufulu wa anthu ku South Africa. Amuna ena onse aja, amene sanayambitse bungwe lililonse, akudikirabe Ntara wawo.

Ndisabise kuti makolo ali ndi zifukwa zokhalira chete. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zodana ndi obwera, ndipo mu 2015 mabasi ananyamula Amalawi ku Durban kuwabwezera kwawo. Kholo limene linaona zimenezo limaphunzitsa mwana kulankhula Chitswana mumsewu ndi kusatchula za Malawi pagulu. Ena mapepala awo si olongosoka, ndipo nkhani ya mmene anawolokera ku Beitbridge si youza mwana amene mawa akailemba m'kope la kusukulu. Kuwauza makolo otere kuti angomasuka n'kulankhula ngati munthu wokhuta. Koma kubisa kuli ndi mtengo wake. Ana ambiri amakumana ndi abale awo koyamba pamaliro, atayenda ndi bokosi masiku awiri kapena atatu kudutsa Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza kapena ku Dedza. Amatsika m'galimoto n'kupeza mudzi wonse ukuwadziwa, ukuwaitana ndi chiwongo chawo, Nabanda, Nambewe, iwo osadziwa amene akuwagwira dzanja.

Pamtunda wochepa kuchokera ku Zinniaville pali Phokeng, likulu la Abafokeng. M'zaka za m'ma 1800 mfumu yawo Mokgatle inatumiza anyamata kukagwira ntchito kumigodi ya dayamondi ku Kimberley, ndipo ndalama zimene anabwera nazo zinagulira malo, mothandizidwa ndi amishonale amene mayina awo ankalembedwa pa zikalata chifukwa munthu wakuda sankaloledwa. Pansi pa malowo ndi pamene panadzapezeka pulatinamu. Mwana wa ku Phokeng amauzidwa nkhani imeneyi monyadira: agogo ako anapita kumgodi, ndipo thukuta lawo ndi nthaka imene waimapoyi. Agogo a mwana wa Chimalawi anapitanso kumgodi. Anabwera ndi njinga, wailesi, makina osokera, malata a nyumba, ena ndi chifuwa chimene chinawatenga. Ulendo ndi womwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti wina ulendowo anausandutsa mbiri, wina anausiya ngati mphekesera.

N'chifukwa chake ndikuti mankhwala a Ntara sali m'mathero a nkhani zake, ali m'kachitidwe kake. Iye ankakhala pansi ndi akuluakulu, kufunsa, kulemba mayina a anthu ndi a malo monga momwe anawamvera. Anachita zomwezo polemba moyo wa mfumu Msyamboza. Lero foni yachepetsa mtunda umene iye ankayenda. Gogo wa ku Ntcheu amene sadziwa kulemba amatha kutumiza mawu pa WhatsApp, ndipo mwana wa zaka khumi amatha kuwasunga. Chofunika ndi funso labwino. Mukafunsa gogo kuti afotokoze za chikhalidwe chathu, adzakupatsani ulaliki wonena za ana amakono osamva. Mufunseni amene anamuperekeza kokwerera basi tsiku limene amuna ake ankapita ku Wenela, chimene chinali m'sutikesi pobwerera, chifukwa chake mwana wachiwiri anamutcha dzina limene ali nalo. Mayina athu ambiri, a Mavuto, a Tsoka, a Chikondi, a Limbani, ndi mitu ya nkhani imene wina akuikumbukabe.

Tilinso ndi kalembedwe kathu ka mbiri kamene sitikaona chifukwa takazolowera. Mmalawi akamwalira kapena akatchulidwa m'nyuzi, amanenedwa ndi zinthu zitatu: mudzi, mfumu yaikulu, boma. Ndi mmene mauthenga a maliro akhala akuwerengedwera pa wailesi kwa zaka zambiri. Mwana amene waloweza zitatuzi za kuchikazi ndi zitatu za kuchimuna ali ndi chinthu cholimba kuposa mtengo wa papepala, chifukwa angathe kukwera nazo basi n'kukafika.

Ndipo pali chinthu chachinayi choti afunse, chimene Ntara sakanachiika m'buku lake. Munthu aliyense wolembedwa ndi Wenela kapena Theba ankapatsidwa nambala. Kumgodi nambalayo inkalowa m'malo mwa dzina, ndipo mayina ambiri analembedwa molakwika ndi makalaliki osadziwa Chinyanja. Koma zolembedwa zakale za TEBA zasungidwa ku University of Johannesburg, mtunda wa maola awiri pagalimoto kuchokera ku Rustenburg. Mu 2019 khoti la ku South Africa linavomereza mgwirizano wa R5 biliyoni wolipira anthu amene anadwala matenda a fumbi la m'mapapo ndi chifuwa chachikulu m'migodi ina ya golide, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lipereke ndalamazo kwa amene anagwira ntchito m'migodiyo pakati pa Malichi 1965 ndi Disembala 2019, kapena kwa amasiye awo. Amalawi ali m'gulu la oyenera kupempha. Zina mwa zimene zimafunika kuti pempho liyende ndi dzina la mgodi, zaka zimene munthuyo anagwira, ndi nambala ija. M'nyumba zina za kwathu kakhadi kake kakadali m'chitini cha mabisiketi, pansi pa makadi a ubatizo ndi zithunzi zofwifwa, ndipo amene amadziwa pamene pali chitinicho ndi gogo wamkazi.